Wakufa Amene Ndinamudutsitsa Chipululu

Makope a Domla Sayfiddin anali khumi ndi anayi, ndipo onse anali kwathu, m'katoni ya sopo pansi pa bedi langa. Anandipatsa mwezi umene ndinamaliza digiri yanga ya mbiri yakale, maso awo atatsala pang'ono kuzimiratu. Ntchito yake inali yosavuta kuinena. Nditaipe zonse pa kompyuta, ndipo Lachinayi lililonse ndizipita kunyumba kwawo, kuseri kwa msika wakale wa Bukhara, kukawawerengera zimene ndataipa kuti azikonza. Tikamaliza, buku lituluke iwo akadali moyo. Mawu otsirizawa ananena okha akuseka, ine ndinaseka nawo posowa chochita china.

M'makopemo munali ntchito ya zaka makumi atatu. A Domla, monga timawatchulira aphunzitsi a ku yunivesite, anapeza zolemba pamanja za munthu wina amene anayenda kuchoka kuno kupita ku mzinda wakutali wa Herat zaka mazana asanu ndi awiri zapitazo, ndipo anazimasulira kuchoka m'Chiperisiya chakale. Masamba oyamba anadyedwa ndi njenjete, choncho dzina la wapaulendoyo palibe alidziwa. A Domla ankangomutcha munthu wathu. Akazi awo, mayi Muyassar, ankamutcha mkazi mnzanga, ndipo anali asanatsegulepo kope ngakhale limodzi.

Munthu wathuyo anali mlembi wa wamalonda wina wa nsalu, ndipo mphatso ya kukamba nkhani analibe. Ankalemba za zitsime. Chitsime chakuti n'chamchere, ngamila zimamwa koma anthu ayi. Ukayenda masiku awiri upeza mudzi wa nyumba makumi anayi, buledi wake ndi wolimba. Paulendowo anatenga mng'ono wake, mnyamata wongoyamba kumera ndevu, amene ntchito yake m'bukumo inali kudya mavwende ndi kutaya zinthu.

A Domla anali ndi lamulo limodzi limene aliyense wodutsa m'kalasi mwawo ankalidziwa: pamene njenjete yadya, ika madontho. Ngakhale liwu losowalo likhale lodziwikiratu, sulemba. Wakufa sathandizidwa kulankhula, ankatero, ndipo mnzanga wina anabwereza chaka chifukwa cha liwu limodzi.

Maganizo ojambula mawu anga n'kumawaika pa intaneti anabwera ndi msuweni wanga Davron, amene amajambula maukwati. Tsiku lina masana anandipeza ndikutaipa uku ndikudziwerengera mokweza. Anakhala pansi kuti andidikire, ndipo asanafike pa chitsime chachitatu anali akuliza mkonono. Atadzuka anandiyang'ana ngati waona golide m'ngalande. Anati abale athu masauzande ali ku Russia akumanga nyumba za eni, amagona anthu khumi chipinda chimodzi ndipo tulo sabwera. Amatsegula mafoni kufuna mawu a kwathu oti awagoneke.

"Profesa," anatero, poti ndi mmene amanditchulira chimalizireni sukulu, "zaka zinayi za yunivesite zija zapeza ntchito. Umagonetsa."

Ndinakana kwa sabata yathunthu. Sabata imeneyo ndimaikumbukira kawirikawiri ndikafuna kudziona ngati munthu wabwino.

Tinkajambulira m'chipinda chimene amayi anaunjikamo zofunda za ukwati wanga, mulu wofika kudenga umene wakhala ukudikira mwamuna kuyambira ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Davron anati zofundazo zimameza phokoso bwino. Tinkayamba masana, dzuwa likathamangitsira anthu onse m'nyumba. Ndinkawerenga motsitsa, pang'onopang'ono, iye n'kukonza mawu anga pa makina kuti amveke ngati a mayi wachikulire. Dzina tinaika lopeka. La a Domla sitinaike, ndipo ndinadziuza kuti ndikuwateteza.

Davron nayenso anali ndi lamulo limodzi: pasachitike kanthu. Womvera akayamba kufuna kudziwa zotsatira, ndiye kuti talephera. Choncho ndinkayenda ndi pensulo m'makope, ndikulumpha achifwamba, mudzi wa mliri, ngamila imene inathyoka mwendo n'kuphedwa. Zinkatsala ndi zitsime, buledi, nyenyezi, ndi mnyamata uja akutaya chipewa. Kujambula kunkathamanga kuposa kutaipa. Pamene a Domla ankadziwa kuti ndili m'kope lachisanu ndi chimodzi, m'chipinda cha zofunda ndinali nditafika lachisanu ndi chinayi.

M'kope limenelo mng'ono uja amamwalira. Ndinalumpha, monga ndinalumphira zina zonse. Koma patatha masiku anthu anayamba kulemba pansi pa zojambulazo kufunsa kuti kodi wotaya zinthu uja wapita kuti. Wina, womanga nyumba ku Kazan, ku Russia komweko, analemba kuti amamukumbutsa mng'ono wake. Davron anandionetsa uthengawo. Mawa lake ndinalemba chiganizo chimodzi pa kapepala n'kuchiika pakati pa zitsime ziwiri: mng'ono wanga anataya nsapato powoloka mtsinje, ndipo anayenda tsiku lonse ndi imodzi. Chinakhala bwino pamalopo. Ndinawonjeza china, kenako china. Ndinene zoona, ndinkasangalala. Kalembedwe ka munthu wathu ndinkakadziwa moti palibe akanaona msoko.

Lachinayi lililonse a Domla ndinkawapeza pa bedi lamatabwa la pabwalo, pansi pa mpesa, atapinda miyendo. Tiyi ankathira okha. Ankamvetsera kulira kwa madzi m'kapu ndipo sankaphonya: pansi pokha, pongokwana kumwa katatu, monga timachitira ndi mlendo amene tikufuna akhalitse kuti tizimuthirira mobwerezabwereza. Kapu yodzaza ndi ya munthu amene ukufuna amwe azipita. Ndinkalandira yangayo ndi manja awiri n'kufotokoza kuti kompyuta ikuvuta, kapena kuti amayi sakupeza bwino. Amayi anali bwinobwino. A Domla ankagwedeza mutu n'kuwapatsira moni.

Lachinayi lina la mwezi wa Julayi mayi Muyassar anandichingamira pachipata, nkhope yawo itawala mosiyana ndi masiku onse. Zinali zodziwika kuti a Domla sagona chiyambire vuto la maso, ndipo kwa zaka ziwiri mayiwo ankachezera nawo, kuwiritsa mkaka, kusintha mapilo, kuwaperekeza kuzungulira bwalo. Anandigwira dzanja n'kundikokera pambali.

"Tapeza mankhwala, mwana wanga. Osati a dokotala ayi. Ndi mayi wina wa pa foni."

Anati mpongozi wa neba ndi amene anawaikira. Mayiyo amawerenga za ngamila ndi zitsime, pang'onopang'ono ngati akusankha mpunga, ndipo akangoyatsa, aphunzitsi anga amangoti zii. Tsopano anali masabata atatu. Anandiuza kuti nkhani yake ndi yopanda mutu ngati za mkazi mnzawo uja, koma muli kamnyamata kamene anakakonda.

"Kosasamala ngati mwana wathu wachiwiri. Dzana kataya nsapato mumtsinje."

Ndinati n'zosangalatsa. Ndinamva pakamwa panga pakunena zimenezo, ndipo mawu ake anali abwinobwino.

Tsiku limenelo a Domla anali monga mwa masiku onse. Anandithirira tiyi pang'ono, ndinawerenga masamba asanu ndi atatu, anandibweza kawiri pa dzina la mudzi wina. Ndinkayang'ana nkhope yawo kufuna chizindikiro, koma nkhope ya munthu wosaona siyang'ana kumene iwe ukuiyembekeza. Pobwerera ndinadziuza kuti mwina amagona asanamve kanthu. Ndinakhulupirira zimenezo mpaka pa mphambano ya ogulitsa mipeni.

Davron ndinamupeza akudula kanema wa ukwati. Ndinamuuza kuti tichotse zonse. Iye anaseka mpaka kutsamira khoma. Anati bukulo lakhala zaka makumi atatu likusowetsa tulo mwini wake, lero lamugoneka, ine ndikudandaula chiyani. Kenako ataona nkhope yanga anati tidikire sabata imodzi, tione. Ndinavomera msanga kwambiri. Mawu achinsinsi otsegulira tsamba lathu la pa intaneti ndinali nawo inenso, ndipo ndikanatha kufufuta zonse ndili m'basi. Sindinatero. M'malo mwake ndinataipa ngati wamisala. Sabata imeneyo ndinamaliza kope lachisanu ndi chiwiri ndi lachisanu ndi chitatu, n'kulowa lachisanu ndi chinayi, zala zikuwawa, ngati kuti kuchuluka kwa masamba kungalankhule m'malo mwanga.

Lachinayi lotsatira ndinapita nditakonza mawu. Ndinawayeserera panjira, ndipo anali mawu abwino, oyamba ndi kuthokoza. Mayi Muyassar anali akutuluka ndi beseni la ufa wokanda, kupita kukaphika buledi mu uvuni wa neba. Tinatsala awiri. Tiyi anali asanabwere. A Domla anafunsa pamene ndafika, ndipo nditawauza anati ndayenda mtunda sabata ino. Anati zakumbuyo tizionanso, lero ndiyambe pa chitsime cha Mkazi Wamasiye.

Ndinatsegula pepalalo ndipo ndinawerenga ndi mawu anga enieni.

"Tinafika pa chitsime cha Mkazi Wamasiye tsiku lachitatu la malungo ake. Anapempha vwende, ndipo panalibe. Anamwalira dzuwa lisanafike pamutu. Tinamuika kum'mawa kwa chitsime, mapazi makumi awiri, ndipo ndinasanjikapo chishalo chake chifukwa kunalibe mwala. Madzi a pano ndi ozizira. Pafunika chingwe cha mikono makumi atatu."

Mavu ankazungulira mphesa pamwamba pathu. A Domla anafunsa, manja ali pa maondo.

"Nanga nsapato ija anataya liti?"

Mawu anga okonzedwa aja sanapezeke. Ndinangoti, "Ndine, Domla."

Anati akudziwa. Anadziwa usiku woyamba, pa chiganizo choyamba, chifukwa anachilemba kanayi chaka chimene chipale chofewa chinagwetsa denga la khitchini. Makina a msuweni wanga anakalambitsa mawu koma sanasinthe pamene ndimapumira. Anandiuzanso kuti iwo sagona ayi. Amangokhala phee kuti akazi awo aganize kuti mankhwala agwira, ndipo mayiwo ndi amene amagona, asanafike chitsime chachiwiri, koyamba pa zaka ziwiri. Iwo amamvetsera mpaka kumapeto, chifukwa batani lozimitsira saliona.

Ndinayamba kupepesa za kutenga makope osapempha. Anakweza dzanja pang'ono. Anati ophunzira anawaberapo kale, ena mpaka kukwera nazo maudindo, ndipo zimenezo zimapweteka sabata imodzi. Za kulumpha achifwamba anati akumvetsa, achifwamba sagonetsa munthu. Ngakhale pa chitsimepo, anati, anadikira usiku umenewo akudziwa kuti ndidutsa, ndipo nditadutsa anangoti mwanayu wachita mantha.

"Kenako nsapato. Ndinaseka, Zebiniso. Ndinaseka ndekha ngati chitsiru. Kutacha ndinayamba kufufuza kuti ili m'kope liti. Masiku awiri ndinafufuza. Ndinati ndayamba kuiwala."

Kenako anapitiriza.

"Makope aja sindidzawaonanso. Buku ndili nalo muno mokha." Anagwira pachipumi ndi chala. "Iwe walowamo n'kusuntha katundu. Dzulo ndakhala ndikudzifunsa ngati chipewa chija anatayadi, kapena n'chako."

"Chipewa n'chenicheni, Domla. Kope lachitatu."

"Ukutero iwe."

Ananena mofatsa, mopanda mkwiyo, ndipo mpamene ndinamvetsa chimene chawonongeka. Ntchito yathu yonse inali yoti ine ndiwerenge, iwo akhulupirire kuti chimene akumva ndi chimene chili papepala. Ndinalumbira kuti m'zotaipa sindinawonjezemo ngakhale kadontho, ndipo zinali zoona. Anati mwina n'zoonadi, koma alibe njira yodziwira, ndipo sangaike dzina lawo pa buku limene alibe njira yolidziwira. Makope ndibweze mawa. Adzafuna munthu wina ayambirenso pa tsamba loyamba. Tonse tinkadziwa kuti anthu otha kuwerenga zolemba za a Domla mu Bukhara muno sakwana atatu, ndipo awiri enawo ndi okalamba ngati iwo. Za kutuluka kwa buku iwo akadali moyo palibe anatchula.

Ndinati ndikangofika kunyumba ndifufuta zonse.

"Usafufute."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino.

"Mayi ako a m'nyumba muno akugona. Amadzuka m'mawa n'kumandiuza za kamnyamatako ngati ndi mdzukulu. Unamudzutsa wekha, ndiye umufikitse kwawo. Usakamuphere panjira chifukwa choti ine ndakwiya. Koma m'makope mwanga usatengemonso liwu. Ndipo iwo asadziwe."

Ndinafunsa kuti ndimufikitsa bwanji popanda makope, njira sindiidziwa. Anati mpaka pano ndakwanitsa bwino ndithu.

Chipata chinalira. Mayi Muyassar analowa ndi buledi wotentha atamukulunga m'nsalu, akudandaula za mpongozi wa neba amene sadziwa kusonkha moto. Ananyema buledi, anabweretsa tiyi, n'kuika ketulo pafupi ndi dzanja la amuna awo monga mwa nthawi zonse. A Domla anafufuza kapu yanga ndi zala, anaiika patsogolo pawo, n'kuyamba kuthira. Ndinamva kulira kwa madzi kukukwera, kudutsa pamene amalekezera, kukwerabe. Analeka tiyi atafika pamlomo penipeni pa kapu, osatayika ngakhale dontho.

"Aa, bambo inu, mwadzazitsa ngati mukumuthamangitsa mwanayu," anatero mayi Muyassar. "Makutu nawonso ayamba?"

Anatenga kapuyo, anapungulira theka m'kapu yawo, n'kundipatsa akuseka, akundiuza kuti ndisawatengere, ukalamba ndi umenewu. A Domla sanatsutse. Ananyema kachidutswa ka buledi n'kumatafuna pang'onopang'ono. Ndinamwa tiyiyo akadali wotentha mpaka lilime linachita dzanzi, ndinadya buledi chifukwa buledi sakanidwa, ndipo ndinatsanzika. Mayiwo anadabwa kuti ndikupita msanga.

Katoni ija ndinaipereka mawa lake pachipata. Usiku wake ndinali nditafufuta zizindikiro zonse za pensulo, tsamba ndi tsamba, ngakhale ndinkadziwa kuti mwini wake sangazione. Ndinauza mayi Muyassar kuti ndapeza ntchito ina imene ikundidyera nthawi. Anandidalitsa, anati ndisawataye, ndipo anandipatsa mphesa m'pepala.

Loweruka masana ndinalowa m'chipinda cha zofunda ndi pepala limodzi lolemba ndekha. Davron anafuna kunena nthabwala, anayang'ana pepalalo, n'kungoyatsa makina. Munthu wathu ndi mng'ono wake anali atatsala ndi ulendo wonse wobwerera, masiku makumi anayi a chipululu chimene ine sindinachipondepo. Ndinayamba ndi chitsime. Ndinati madzi ake ndi ozizira. Nditafika pa kutalika kwa chingwe ndinapeza kuti sindikudziwa, ndipo pakamwa panakana kupeka nambala. Ndinangokhala chete, mpweya utatu ngati madontho a pamene njenjete yadya, kenako n'kupitiriza. Pa dzina la mudzi wotsatira ndinateronso.

Davron anafuna kudula malo opanda mawuwo, ine ndinati awasiye. Patatha sabata anabwera kudzandiuza kuti anthu awakonda, akuti amagonetsa kuposa mawu.

Tsopano tili pa tsiku la makumi awiri ndi limodzi la ulendo wobwerera. Mnyamatayo wataya lamba, mpeni ndi chikho, ndipo ali bwino. Ndikamawerenga sindiganiza za omanga nyumba a ku Kazan. Ndimaganiza za munthu mmodzi amene ali maso pambali pa mkazi wake wogona, amene amamva chiganizo chilichonse mpaka kumapeto. Lachinayi lapitali ndinadutsa pa msewu wawo. Chipata chinali chotsegula pang'ono, ndipo ndinamva mawu a mkulu wina akuwerenga movutikira, akukakamira pa liwu lililonse. Anali pa tsamba lachinayi la kope loyamba.